Simbi ya ku Darwendale ndi akuba nthawi

Nthanda isanazime, kapitawo ankatuluka m'nyumba mwake ndi chitsulo m'manja n'kulunjika pa mtengo wa pakati pa komboni. Pa mtengopo pankalendewera chidutswa cha njanji, kapena mbale yakutha ya pulawo, ndipo akachimenya kulira kwake kunkawoloka dambo mpaka ku famu yoyandikana nayo. Mchewa, Myao, Msena ndi Mshona, onse ankachitchula ndi dzina limodzi la kumeneko: simbi. Umu ndi mmene tsiku linkayambira pa mafamu a fodya a ku Darwendale, ndi ku Mashonaland konse, m'zaka za atsamunda.

Simbi inkaliranso masana, n'kudzaliranso madzulo poweruka. Komatu chitsulo sichidziwa nthawi. Chinkalira dzanja likachimenya, dzanja linkamvera wotchi, ndipo wotchiyo inali ya munthu mmodzi, mwini famu. Antchito analibe poyerekezera. Simbi ya madzulo ikachedwa ndi theka la ola m'nyengo yothyola fodya, mitambo ya Januwale itaphimba dzuwa, wodandaula akanaloza chiyani? Theka la ola la anthu 100 ndi maola 50 a thukuta laulere, ndipo panalibe buku lowalemba.

Nkhani ya wotchi yosatsutsika imeneyi sinathe ndi atsamunda. Lero ikusowetsa tulo mainjiniya oyang'anira magetsi, madzi, njanji ndi migodi padziko lonse, chifukwa akuba a pa kompyuta atulukira zomwe wa pa komboni ankadziwa kale: wofuna kupusitsa anthu safunika kusintha muyeso, angokhotetsa nthawi yake basi. Darwendale ndi malo abwino kuyambirapo poimvetsa nkhaniyi, pakuti kumeneko nthawi inali chuma, inalinso chikwapu.

Malowa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Harare, m'boma la Zvimba ku Mashonaland West, m'mbali mwa mzere wa mapiri a Great Dyke omwe m'mimba mwake muli miyala ya chrome ndi platinum. Nthawi ya wotchi inabwera kuno ndi sitima. Lamya inafika ku Salisbury mu 1892, njanji yochokera ku Beira inafika mu 1899, ndipo mu 1902 kanjanji kopapatiza, ka mafiti awiri m'lifupi, kanalowa m'dera lino kulunjika ku mgodi wa golide wa Ayrshire. Pambuyo pake njanjiyo inakulitsidwa n'kufika ku Sinoia, komwe lero ndi Chinhoyi, mu 1914. Inali ya mzere umodzi. Sitima ziwiri zinkapatukirana pa siteshoni kapena pa kapatuko kokha, choncho moyo wa okwera unkadalira kuti wotchi ya woyang'anira siteshoni, ya gadi ndi ya dalaivala zinene chimodzi, komanso kuti uthenga wa pa lamya woti njira yatseguka ufike usanakalambe. Uthenga woona wofika mochedwa unkatha kupha ngati bodza.

Njanji itafika, mafamu anatsatira, ndipo dothi lamchenga la derali linakondana ndi fodya wa fuluu. Ku Trelawney, pafupi pomwepa, kunatsegulidwa malo ofufuzira za fodya m'zaka za m'ma 1930. Nkhondo yachiwiri itatha, pangano la ku London la mu 1947 linatsimikizira alimi a ku Southern Rhodesia msika wa ku Britain, ndipo mabalani anjerwa anamera ngati bowa kuyambira ku Nyabira mpaka ku Banket.

Manja ogwira ntchitoyo ambiri anachokera kutali. Ashona a kumeneko ankakonda kulima minda yawo kusiyana ndi malipiro a pa famu, motero azungu anayang'ana kumpoto. Bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, lomwe linayamba mu 1903, linasiya dzina loopsa m'makutu a anthu, chibalo. Komiti ya boma la Nyasaland ya mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dzikolo anali kunja. Ambiri ankapita okha wapansi, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, masabata angapo ali pa msewu ndi kaphukusi ka ufa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula anthu mosalipira omwe anatchuka ndi dzina la Ulere, ndipo mu 1946 kunabwera bungwe lina lomwe kumudzi linkadziwika kuti Mthandizi. Onsewa ankati akupita ku Halale. Ena anabwerera ndi njinga ndi jekete, ena anatchona, ndipo zidzukulu zawo ndi zomwe zimavina gule wamkulu pa makomboni a Zvimba mpaka lero, gule yemwe Ashona amamutcha zvigure.

Mwezi wa munthu wa pa famu sunali mwezi wa kumwamba kapena wa pa kalendala. Unali tikiti, kachikalata ka mabokosi 30. Tsiku lililonse lomwe munthu wagwira ntchito n'kumaliza mugwazo, gawo lomwe kapitawo wamuyezera, kalaliki kapena bwana ankachonga bokosi limodzi, ndipo malipiro ankabwera mabokosi onse akadzaza. Lamulungu silinkawerengedwa, tsiku lodwala silinkawerengedwa, ndipo tsiku lomwe bwana wati mugwazo sunathe linkangopita ngati madzi a mvula. Tikiti imodzi inkadya masabata asanu, nthawi zina kuposa. Wothawa ntchito tikiti isanathe ankalakwira lamulo la Masters and Servants la mu 1901, lomwe linapitiriza kumanga antchito a m'mafamu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Munthu wa ku Nyasaland chinyengo chotere sanachionere ku Halale koyamba. Mwezi wotambasuka wa thangata pa maesiteti a ku Magomero unali pakati pa madandaulo omwe anayatsa moto wa John Chilembwe mu 1915. Ndipo antchito nawo sanali anthu ongokhala manja ali m'khosi. Katswiri wa mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lonena za migodi ya ku Southern Rhodesia, anasonyeza kuti mabwana ankakana kuchonga matikiti ponamizira ulesi, pomwe antchito ena anaphunzira kuchonga okha motsanzira dzanja la bwana. Mbali zonse ziwiri zinkalimbirana chinthu chimodzi, cholembedwa chonena kuti ntchito yakuti inachitika tsiku lakuti.

Koma malo omwe nthawi inkaonetsera mano ake kwenikweni anali ku mabalani usiku. Fodya wa fuluu sauma ndi mphepo ngati wa bale wa m'chigafa. Amasokedwa pa mikangala, n'kupachikidwa m'nyumba yaitali yanjerwa, ndipo moto wa m'ng'anjo ya panja umatumiza kutentha kudzera m'mapaipi oyala pansi, utsi osakhudza tsamba. Ntchitoyi imatenga pafupifupi sabata yathunthu, moto osazima. Masiku awiri oyamba kapena kuposerapo pang'ono tsamba limafuna kutentha kofatsa, madigiri 35 mpaka 38, kuti lisanduke lachikasu ngati ndimu yakupsa. Kenako kutentha kumakwezedwa pang'onopang'ono kupitirira madigiri 50 kuti tsamba liume, ndipo pomaliza kumafika cha m'ma 70 kuti msana wa tsamba nawo uume gwa. Alimi a nthawi imeneyo ankawerengera m'madigiri a Fahrenheit, koma lamulo linali lomweli. Ukafulumira kukweza moto tsamba lidakali ndi madzi, limapsa n'kuda. Ukachedwa, limachita mawanga ofiirira ndipo ku okushoni mtengo umagwa. Moto ukalusa mapaipi n'kufiira, tsamba louma likagwerapo, balani yonse imanyeka.

Ndiye panali munthu wochezera, wosonkhezera moto. Ntchito yake inali kusuzumira choyezera kutentha chopachikidwa m'kati, n'kusankha kuonjezera nkhuni, kuphula zina, kapena kutsegula timazenera ta mpweya. Mainjiniya a lero akamajambula makina odziyendetsa okha amajambula zomwezi: choyeza, woganiza, ndi chochita, zitatu zolumikizana ngati mkombero. Ndipo vuto lomwe limawavutitsa wochezera uja ankalidziwa m'mafupa. Chikuni choponyedwa m'ng'anjo tsopano sichionekera pa choyezera tsopano. Kutentha kumayenda kaye m'mapaipi, kukwera m'mikangala, ndiye choyezera chimve. Wosazolowera amaona choyezera chili pansi n'kuonjezera nkhuni, n'kuonjezeranso, osadziwa kuti moto woyamba uli kale pa ulendo. Zonse zikafika pamodzi fodya wapita. Akadzidzimuka n'kuphula nkhuni zonse, balani imazizira mopitirira. Muyeso uliwonse womwe anawerenga unali woona. Chomwe chinamupweteka n'chakuti unali wakale.

Tulo nato tinali mdani. Munthu yemwe wathyola fodya usana wonse n'kuuzidwa kuti achezere amatha kugwidwa ndi tulo tofa nato. Akadzuka m'bandakucha balani itazizira, njira yobisira inali yapafupi: kukoleza moto mwamphamvu kuti bwana akamafika choyezera chikhale pomwe chiyenera kukhala. Bwana awerenga, nambala ili bwino, apita. Tsamba lokha ndilo limadzaulula pomasula, masiku atapita. Munthu wotereyu sayenera kuweruzidwa mwankhanza, pakuti amene anamupatsa ntchito ya anthu awiri ndi malipiro a munthu mmodzi ndiye anabzala chinyengocho. Koma chitsanzo chake chikuphunzitsa bwino mmene muyeso wopanda nthawi umanamizira.

Zida zogwirira wogona zinalipo m'dziko kalekale. Mngelezi James Six anapanga cha m'ma 1780 choyezera chomwe chimasiya chizindikiro pomwe kutentha kunafika pamwamba ndi pomwe kunafika pansi. Chimenechi chimaulula kuti balani inazizira, koma sichinena kuti inazizira liti kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Ku Schwenningen, ku Germany, Johannes Bürk anapanga mu 1855 wotchi ya mlonda, yokhoma, yokhala ndi pepala m'kati. Makiyi ake ankamangidwa ndi unyolo pa malo osiyanasiyana, ndipo mlonda akafika pamalo n'kupotoza kiyi, pepala linkadindidwa malo ndi nthawi pamodzi. Nzeru yake inali yoti umboni wakuti munthu anafika ulibe ntchito popanda umboni wa ola lomwe anafika, ndiponso kuti wotchi yolemba umboniwo isakhale yotsegulika ndi amene akulondedwa. Mfundo ziwirizi ndi zomwe zagwira chitetezo cha makina mpaka lero.

Tsopano taganizirani balani yomwe choyezera chake chili ku Darwendale koma wochezera wake ndi kompyuta ya ku Harare, ndipo pakati pawo pali waya, mlongoti wa foni kapena intaneti. Umu ndi mmene madamu, masiteshoni a magetsi, mapaipi a mafuta ndi zigayo za m'migodi zikuyendera masiku ano. Timasensa timayeza kutentha, kuthamanga kapena mphamvu ya madzi, n'kutumiza nambala mwa timauthenga ting'onoting'ono. Kompyuta imalandira, n'kuganiza, n'kutumiza lamulo lotsegula kapena kutseka. Pa msewu wa pakatipo ndi pomwe wachiwembu amabisala.

Chitsanzo chotchuka ndi Stuxnet, pulogalamu yoononga yomwe inatulukiridwa mu June 2010 ndi kampani yaing'ono ya ku Belarus yotchedwa VirusBlokAda. Inalunjika pa makompyuta a Siemens oyendetsa makina opeta uranium ku Natanz, m'dziko la Iran. Katswiri wa ku Germany Ralph Langner, yemwe anaifukula mozama, anapeza kuti mtundu wina wa pulogalamuyi unkajambula miyeso ya masekondi 21 zinthu zili bwino, kenako n'kumaibwereza mozungulira kwa oyang'anira pomwe kuseri ukusokoneza makina. Anthu a m'chipinda choyang'anira ankaona manambala okoma, manambala enieni ochokera ku masensa awo omwe, koma a nthawi yomwe inapita. Akatswiri amayerekeza kuti makina pafupifupi 1,000 anachotsedwa ataonongeka. Ndi chinyengo cha wochezera uja, chitavala jekete la boma.

Njira ina n'njosavuta kuposa pamenepa, ndipo n'chifukwa chake ikuopsa. Wachiwembu safunika kutsegula uthenga kapena kudziwa zomwe zalembedwamo. Angougwira panjira kwa kanthawi, kenako n'kuusiya upite. Ukafika, loko wake ali bwinobwino, siginecha yake ndi yoona, koma wakalamba. Kompyuta imachita zomwe ankachita wosonkhezera moto wosazolowera, kuonjezera pomwe pafunika kuchepetsa, mpaka makina ayambe kupenduka uku ndi uku. Kuopsa kwa miyeso yakale kunaoneka popanda ndi wachiwembu yemwe pa 14 August 2003, pomwe pulogalamu yochenjeza ya kampani ya magetsi ya FirstEnergy ku Ohio inaima mwakachetechete. Kwa nthawi yopitirira ola oyang'anira sankadziwa kuti mawaya akuzima, ndipo pofika madzulo anthu pafupifupi 50 miliyoni ku United States ndi Canada anali mu mdima.

Palinso kuba wotchi yeniyeniyo. Magetsi a ku Zimbabwe, ku Malawi ndi ku Zambia amagunda maulendo 50 pa sekondi, ndiye kugunda kumodzi kumatenga magawo 20 mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuti mainjiniya adziwe ngati malo awiri otalikirana akugunda mogwirizana, amaika zida zoyeza zomwe zimadinda nthawi pa muyeso uliwonse, ndipo nthawiyo zimaitenga ku masetilaiti a GPS. Wotchi ikaphonya ndi gawo limodzi lokha mwa 1,000 a sekondi, muyeso umapendekeka ndi madigiri 18 mwa 360, zokwanira kuonetsa vuto pomwe palibe kapena kubisa lomwe lilipo. Mawu a setilaiti amafika pansi ofooka kwambiri, moti kawailesi kapafupi kolankhula motsanzira kamatha kuwaphimba. Mu 2012 gulu la Todd Humphreys la ku University of Texas linasonyeza kuti likhoza kukoka wotchi ya chida choyeza magetsi pang'onopang'ono, chida osazindikira. Pa 26 January 2016 cholakwika cha ku GPS komweko chinapendeketsa nthawi ndi magawo 13 mwa miliyoni a sekondi, ndipo zida za makampani a mafoni ndi mawailesi ena a BBC zinasokonezeka kwa maola ambiri. Dziko lonse latsala pang'ono kukhala komboni imodzi yomvera simbi imodzi.

Chitetezo chake choyamba chili m'nyumba za anthu ambiri ku Zimbabwe ndi ku Malawi, pa khoma, ngakhale eni ake sachitchula choncho. Ndi mita ya mayunitsi. Manambala 20 omwe munthu amagula ku ZESA kapena ku ESCOM amabisa m'kati mwake mphindi yomwe anagulidwa, kuwerengera kuchokera pa 1 January 1993. Mita imakumbukira mphindi za matokeni omwe inalandira kale, n'chifukwa chake tokeni yolowetsedwa kachiwiri imakanidwa. Malo osungira nambala ya mphindiyo amakwana mphindi 16,777,216 zokha, ndipo zinatha pa 24 November 2024. Ndicho chifukwa chake makampani a magetsi anapempha aliyense kulowetsa matokeni apadera osinthira mita lisanafike tsikulo. Ambiri anangoona ngati chintchito chotopetsa, osadziwa kuti akukonzanso loko woletsa chinyengo chobwereza, chomwe chija cha ku Natanz.

Makina akuluakulu amatetezedwa ndi nzeru yomweyi: uthenga uliwonse unyamule nthawi yake, nambala yake ya mndandanda, ndi siginecha yosatsanzirika, ndipo wofika utapyola msinkhu utayidwe. Njira yogawira nthawi pa intaneti yotchedwa NTP, yomwe David Mills anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980, inapangidwa m'masiku okhulupirirana, ndipo loko wake wamakono, NTS, anavomerezedwa mu 2020. Koma apa pakufunika kunena mosabisa kuti siginecha siletsa kuchedwetsa. Imangotsimikizira yemwe walankhula. Kuti kompyuta idziwe kuti uthenga wakalamba iyenera kukhala ndi wotchi yakeyake yodalirika, ndipo ndi pamene mainjiniya amaika mawotchi a rubidium otha kusunga nthawi okha setilaiti ikasowa, n'kumayerekeza nthawi ya GPS ndi ya masetilaiti ena monga Galileo a ku Ulaya, komanso ndi ya pa waya wa faiba. Wotchi imodzi ikathawa zinzake, imakhala yokayikitsa. Chomwe anthu a pa komboni ankasowa, poyerekezera, ndicho mankhwala.

Njira yokoma kuposa zonse ndi yomwe Yilin Mo ndi Bruno Sinopoli a ku Carnegie Mellon University anafotokoza mu 2009. Anati kompyuta izigwedeza makina mwadala, pang'ono kwambiri, mwa kachitidwe kachinsinsi kodziwa yokha, kenako izionetsetsa ngati kugwedezako kukubwerera m'miyeso pa nthawi yake. Miyeso yojambulidwa dzulo singadziwe kugwedeza kwa lero. Munthu wa ku balani angaimve msanga nzeruyi: ukakayika choyezera, tsegula zenera la mpweya pang'ono, udikire. Chikapanda kusuntha, ndiye kuti chafa kapena wina wachikonza. Mtengo wake ndi woti makina sayenda mosalala kwenikweni, koma ndi mtengo woyenera kulipira.

Ndipo wochezera wodziwa ntchito sankadalira choyezera chokha. Ankalowetsa mkono m'balani, ankanunkhiza mpweya wotuluka pamwamba, ankakhudza tsamba la m'munsi kuti amve ngati lafota. Akuluakulu amati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo pa ntchito iyi mawuwa anali oona ndithu mmene alili. Ku Ukraine, pa 23 December 2015, achiwembu analowa m'makompyuta a makampani atatu ogawa magetsi n'kuzimitsira anthu pafupifupi 225,000. Magetsi anabwerera m'maola ochepa chifukwa amisiri anakwera magalimoto n'kukayatsa masiteshoni ndi manja. Akanakhala kuti anachotsa kale zogwirira za manja poti kompyuta yabwera, mdima ukanatalika.

Ku Zimbabwe mdani yemwe wachititsa khungu makina kwambiri wakhala wakuba mawaya. Rhodesia Railways inayamba m'zaka za m'ma 1950 kuyendetsa zizindikiro za njanji zikuluzikulu kuchokera m'chipinda chimodzi, koma pofika m'ma 2000 mawaya ambiri anali atabedwa. Njanji ya magetsi ya pakati pa Harare ndi Dabuka, yomwe inatsegulidwa mu 1983, inasiya kugwiritsa magetsi cha m'ma 2008. Pa 1 February 2003 sitima ya anthu inaombana ndi ya katundu ku Dete n'kupha anthu pafupifupi 50, ndipo malipoti a nthawiyo anatchula kulakwitsa kwa anthu pa njanji yomwe zizindikiro zake zinali zitaonongeka. Waya wodulidwa uli ndi ubwino umodzi wokha, wakuti aliyense amadziwa kuti wadulidwa. Waya wolankhula zakale mwaulemu ndi woopsa kuposa.

Darwendale ya lero si ya simbi. Kugawa malo komwe kunayamba mu 2000 kunaphwanya mafamu akuluakulu kukhala minda yocheperapo, yotchedwa A1 ndi A2. Antchito a m'mafamu, omwe m'dziko lonse anali oposa 300,000, ambiri anataya ntchito, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a matchona opanda dziko mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anawatsegulira khomo. Fodya anagwa kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni mu 2000 kufika pansi pa 50 miliyoni mu 2008, kenako anadzuka m'manja mwa alimi ang'onoang'ono mpaka 296 miliyoni mu 2023. Luso lowotcha fodya lomwe alimi atsopanowa anatsamirapo, lambiri linali m'manja mwa anthu a pa komboni omwe aja. Wochezera wa masiku ano ali ndi foni m'thumba, ndipo nthawi yake ndi yofanana ndi ya bwana. Kusintha kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Koma foniyo nthawi imaitenga ku mlongoti, ndipo mlongoti umaitenga ku setilaiti.

Zinthu zodalira miyeso zazungulira derali. Damu la Darwendale pa mtsinje wa Manyame, lomwe linatha kumangidwa mu 1976, limatumiza madzi kudzera mu ngalande ya pansi pa nthaka kupita ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray, omwe amamwetsa Harare. Mawaya a 330 kV ochokera ku Kariba amadzera pa Alaska, pafupi ndi Chinhoyi, kupita ku Warren ku Harare, ndipo likulu logwirizanitsa magetsi a maiko a kum'mwera kwa Africa, la Southern African Power Pool yomwe inakhazikitsidwa mu 1995, lili ku Harare komweko. Malawi naye walunjika ku mkombero womwewu kudzera pa waya wochokera ku Matambo, ku Tete, kufika ku Phombeya, ku Balaka. Mu September 2014 Robert Mugabe ndi nduna ya ku Russia Sergei Lavrov anakhazikitsa ntchito ya mgodi wa platinum wa Great Dyke Investments ku Darwendale, ntchito yomwe yayenda mwa apo ndi apo, a ku Russia n'kutulukamo mu 2022. Tsiku lomwe mgodi wotere udzayambe kukumba mozama, mpweya wopumira anthu a pansi ndi mapampu ochotsa madzi zidzamvera masensa.

Malamulo alipo. Zimbabwe ili ndi Cyber and Data Protection Act ya mu 2021, Malawi ali ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya mu 2016. Koma zokambirana za malamulowa zakhala kwambiri pa ndalama za pa foni, zinsinsi za anthu ndi zolembedwa pa Facebook, pomwe pampu ndi siteshoni ya magetsi sizitchulidwa kawirikawiri. Malawi analawa kale ululu wa makompyuta a boma kugwidwa, pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima kumayambiriro kwa 2024. Pasipoti ikachedwa munthu amalira koma amadzuka mawa. Mpweya wa mu mgodi ukachedwa, nkhani yake ndi ina.

Choncho amene akugula makina oyendetsa madzi, magetsi ndi migodi m'maiko athu ano afunse wogulitsa mafunso omwe wa pa komboni sankaloledwa kufunsa. Wotchi ya makinawa ikuchokera kwa yani? Ikanama, idzatsutsidwa ndi iti? Uthenga ukachedwa, makina adzaima pabwino kapena adzapitiriza kusonkhezera? Zogwirira za manja zisachotsedwe, ndipo amisiri oziyendetsa aphunzitsidwe kuchokera pa ana a m'derali, kuphatikizapo zidzukulu za matchona zomwe zambiri sukulu inazidutsa. Akuluakulu omwe anachezera ku mabalani a Darwendale m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 alipobe, koma akutha. Ophunzira za mbiri ndi za uinjiniya a ku Harare, ku Chinhoyi, ku Zomba ndi ku Blantyre apite akakhale nawo pansi, awafunse m'Chichewa mmene ankadziwira kuti choyezera chikunama, ndipo alembe mayankhowo eni ake adakali moyo.